Sitiroko yandisinthira mwamuna

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 44, ndipo ndakhala pabanja zaka 21. Miyezi 8 yapitayo amuna anga, omwe ndi kalipentala, anagwa ali kushedi kwawo, ndipo kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko yobwera chifukwa cha BP imene sankadziwa kuti ali nayo. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka, ndipo mawu amatuluka movutikira. Panopa akuyenda ndi ndodo, koma nthabwala zawo zija zinatha. Amakwiya ndikamawadyetsa, amalira popanda chifukwa, akukana kupita kutchalitchi, ndipo amati iwo si mwamunanso popeza pakhomo tikudya za geni yanga ya mandasi. Alamu anga akuti ndinawalodza. Nditani?

Mayi wothedwa nzeru, Blantyre

Mwana wanga,

Amuna anu ali pamaliro, ngakhale pakhomo panu sipanayalidwe masamba. Akulira munthu amene ankamudziwa, yemwe ankapala thabwa ndi dzanja lamanja n'kubwera madzulo ndi ndiwo, ndipo maliro otere amawawa kwambiri chifukwa anthu obwera kudzazonda amangoti athokoze kuti ali moyo.

Koma si zonse zimene mukuonazi zikuchokera mumtima. Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena ukaphulika, ndipo ikagwira mbali yakumanzere kwa ubongo, imafoola mbali yakumanja ya thupi n'kusokonezanso kulankhula, ngakhale munthuyo akudziwa bwino chimene akufuna kunena. Kulira kobwera mwadzidzidzi nakonso kumatha kuyamba chifukwa cha kuvulala kwa ubongo komweko. Komanso pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene apulumuka sitiroko amadwala matenda a maganizo otaya mtima, ndipo matendawa ali ndi chithandizo. Mukapita kukayezetsa BP, fotokozerani adokotala za kulira ndi kudzipatulaku monga mwandifotokozera ine, ndipo ngati bambowo atayamba kunena zoti bola kufa, musadikire tsiku la kiliniki.

Tsopano ndinene chimene mwina chikuwaweni. Chikondi chanu chakusandutsani gadiyani, ndipo gadiyani amadyetsa, amasambitsa, amayankhira wodwala asanatsegule pakamwa. Munthu amene akukayika ngati akadali bambo wa pakhomo, akamapatsidwa nsima m'kamwa, amamva ngati mwamutsimikizira mantha akewo. Asiyeni adye okha ndi dzanja lamanzere, ngakhale atayikire msuzi pamalaya. Akamalankhula, dikirani amalize, musawamalizire mawu. Nkhani ya fizi ya ana ndi ndalama za geni muziikambirana nawo, osati mongowasangalatsa, koma kuti maganizo awo agwiredi ntchito.

Ukalipentala wawo sunali m'dzanja mokha. Diso lodziwa kusiyanitsa mlombwa wouma ndi wauwisi likadalipo, ndipo mutu wodziwa kutchula mtengo wa chitseko sunapite kulikonse. Ngati shedi ija ikadalipo, mupeze mnyamata wogwira ntchito za manja, iwo azikhala pampando n'kumamulangiza. Ayambe ndi ola limodzi, popeza kutopa msanga n'kofala kwa odwala sitiroko. Mafizo asalekeze, kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 6 yoyambirira, koma thupi limapitiriza kuphunzira ngakhale patapita zaka. Poti muli ku Blantyre, funsani za Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Za kutchalitchi musawakakamize. Pemphani mnzawo mmodzi kapena awiri amene amawamasukira kuti azibwera kudzacheza nawo za mpira, osati za matenda.

Simunatchule za kuchipinda, koma mawu akuti "si mwamunanso" ndawamvetsa. Mantha komanso mankhwala ena a BP amachepetsa mphamvu, choncho mufunse adokotala muli awiri, ndipo mankhwalawo asawasiye paokha, chifukwa BP yosasamalidwa imatha kubweretsa sitiroko yachiwiri.

Za alamu anuwo, musalimbane nawo nokha. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo mupemphe kuti amene akukunenani kwambiriyo adzakuperekezeni kuchipatala, akamve yekha kwa adokotala, kenako atengeko tsiku limodzi pa sabata lokhala ndi mbale wake kuti inu mupumeko.

Azakhali