Funsani Amisiri: Magetsi athima, kompyuta yakana kudzuka

Amisiri, ndili ndi kompyuta ya desikitopu ya Windows 10 yomwe ndimalembera makalata ndi ma CV a anthu pashopu panga. Magetsi anathima ili mkati mwa ntchito. Tsopano ndikaiyatsa ikulemba kuti "Preparing Automatic Repair", kenako sikirini ya buluu yonena kuti "Your PC did not start correctly". Ndikadina Restart ikubwereranso pomwepo. Mnyamata wina wati angoifomata, koma muli ntchito za makasitomala. Nditani? Mayi wa ku Mangochi

Mayi, mnyamatayo muuzeni adikire kaye. Kufomata kumafufuta zonse, pamene kompyuta yomwe ikufika pa uthenga umenewo imakhala isanafike potayidwa. Kuti ilembe mawu amenewo ndiye kuti magetsi akulowa bwino, bodi (yomwe imalumikiza zipangizo zonse za mkati) ndi RAM (posungira zinthu mwa kanthawi kompyuta ikayaka) zikugwira ntchito, ndipo disiki ikuwerengeka. Chimene chasokonekera ndi mafayilo omwe Windows amadzukira.

Windows salemba zonse pa disiki nthawi yomweyo. Zina amazisunga kaye mu RAM n'kumazilemba pang'onopang'ono, ndipo mukadina Shut down amamaliza zonse asanazime. Magetsi akathima mwadzidzidzi, zomwe zinali mu RAM zimapita, fayilo yomwe imalembedwa imatsala theka. Kawirikawiri dongosolo la NTFS, lomwe Windows amasanjira mafayilo pa disiki, limadzikonza lokha poyaka, n'chifukwa chake kompyuta imapulumuka kambirimbiri. Tsoka limakhala pamene magetsi athima Windows akuika ma update kapena akulemba mu registry, momwe amasungira ma setting ake.

Yambani ndi zosavuta. Zulani pulinta, fulashi, dongle ya intaneti ndi china chilichonse cha USB, mungosiya kiyibodi ndi mausi. Zulaninso nthambo ya magetsi kumbuyo, kanikizani batani loyatsira kwa masekondi 30, kenako bwezerani nthambo n'kuyatsa. Ikayamba "Diagnosing your PC", ilekeni. Pa hard disk yakale ntchitoyi imatha kudya ola lathunthu, ndipo anthu ambiri amaonjezera vuto poizimitsa pakati chifukwa chotaya mtima.

Ikabwereranso pa sikirini ya buluu, musathamangire kukonza. Pulumutsani kaye mafayilo. Lowetsani fulashi yokhala ndi malo okwanira, dinani Advanced options, Troubleshoot, Advanced options kachiwiri, kenako Command Prompt. Pa windo lakudalo lembani notepad n'kudina Enter. Mu Notepad pitani pa File, Open, ndipo pansi pomwe palembedwa Text Documents sinthani kukhala All Files. Mukadina This PC muona ma disiki onse. Lowani mu foda ya Users, pezani dzina lanu, koperani Documents ndi Desktop n'kuziika pa fulashi. Apa sipaoneka kamzere kosonyeza kuti kukopera kwafika pati, kompyuta imangooneka ngati yauma, ndiye ipatseni nthawi. Mukamaliza, kayeseni fulashiyo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti mafayilo akutseguka.

Kompyuta zina, makamaka zatsopano za Windows 11, zimayamba zapempha kiyi ya manambala 48 ya BitLocker, pulogalamu yomwe imakhoma disiki. Kiyiyi imapezeka mu akaunti ya Microsoft yomwe inagwiritsidwa ntchito poyamba kuyatsa makinawo, ndipo mutha kuiona pa foni. Popanda iyo palibe mmisiri angatsegule mafayilowo, ndiye amene munagula kompyuta yakale kwa munthu wina, ifuneni kiyiyi zinthu zisanavute.

Mafayilo akakhala pabwino, bwererani pa Command Prompt. Pali msampha umodzi pano: disiki yomwe mumaidziwa kuti C imatha kuoneka ngati D kapena E. Lembani diskpart, kenako list volume, onani chilembo cha gawo lalikulu kwambiri, n'kulemba exit. Tiyerekeze kuti ndi D. Lembani dir D:\ ndipo mukaona mafoda a Windows ndi Users, ndiye mwapeza. Tsopano lembani chkdsk D: /f n'kudikira mpaka imalize. Imeneyi imalumikiza zomwe zinaduka pa disiki, ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pomwepa.

Ikakanabe, dzifunseni ngati tsiku limenelo munaona mawu akuti "Working on updates". Ngati ndi choncho, pa Advanced options sankhani Uninstall Updates, kenako Uninstall latest quality update. Ikalephera, lembani pa Command Prompt kuti dism /image:D:\ /cleanup-image /revertpendingactions, lamulo lomwe limabweza update yomwe inathera panjira. System Restore nayo ndi yabwino chifukwa imabwezera registry mmene inalili masiku angapo apitawo osakhudza zolemba zanu, kungoti pa makompyuta ambiri imapezeka kuti sinayatsidwe.

Mukaona nambala ngati 0xc000000e kapena 0xc0000225, vuto limakhala pa BCD, kafayilo komwe kamauza kompyuta komwe Windows ali. Lembani bcdboot D:\Windows kuti kalembedwe mwatsopano. Malangizo akale a pa intaneti amakonda kunena za bootrec /fixboot, koma pa makina atsopano, omwe amadzuka m'njira yotchedwa UEFI, imeneyo imangoyankha kuti "Access is denied", musataye nayo nthawi. Ngati bcdboot yadandaula, lowaninso mu diskpart, pezani kagawo kakang'ono ka FAT32 ka ma MB 100 kapena 260, lembani select volume ndi nambala yake, kenako assign letter=S, tulukani, n'kulemba bcdboot D:\Windows /s S: /f UEFI.

Chomaliza ndi Reset this PC, kusankha Keep my files. Zolemba zimatsala koma mapulogalamu onse monga Office ndi madiraivala a pulinta muyenera kuikanso. Ndipo poti muli pa Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kumuthandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndiye ngati zafika poika Windows watsopano, funsani ngati makina anu angalandire Windows 11.

Yanga ndi laputopu. Inauma, ndinaizimitsa pokanikiza batani. Pano ikungolemba "No bootable device", ndipo ndikaika khutu ndikumva kuti tiki, tiki, tiki mkati. Mphunzitsi wa ku Kasungu

Aphunzitsi, izimitseni pompano ndipo musaiyatsenso mongoyesa. Phokoso limenelo ndi la kamutu kowerengera mkati mwa hard disk, komwe kakulephera kupeza malo ake n'kumabwerera. Mbale za mkatimo nthawi zambiri zimazungulira ka 5400 pa mphindi, ndipo kuyatsa kulikonse kumatha kuzikanda n'kuononga zomwe zikanapulumuka. Tikuganiza kuti disikiyi inayamba kale kudwala, ndipo kuuma komwe munaonako chinali chizindikiro chake. Batani silinaiphe.

Zomwe tauza mayi a ku Mangochi si zanu. Makamaka musalole aliyense kuthamangitsa chkdsk /r pa disiki imeneyi, chifukwa imakakamiza disiki kuwerenga malo onse kwa maola ambiri, ndipo yofooka imathera pomwepo. Mmisiri wodziwa amaichotsa, n'kuyesa kukopera zonse kupita pa disiki ina ndi pulogalamu ngati ddrescue, yomwe imadumpha malo ovuta n'kuyamba yatenga zosavuta. Ngati BIOS, pulogalamu ya pa bodi yomwe imayamba Windows asanadzuke, siikuionanso n'komwe, zimenezo sizitheka, pamafunika akatswiri otsegula ma disiki m'chipinda chopanda fumbi, ndipo mtengo wake umatha kuposa wa laputopuyo. Musaitsegule nokha, musaiike mufiriji. Pogula yolowa m'malo, gulani disiki ya mtundu wa SSD ya mainchesi 2.5, imalowa pamalo omwewo ndipo ilibe zozungulira.

Kwa ena omwe akuona uthenga womwewu koma popanda phokoso, pali chiyembekezo chachikulu. Lowani mu BIOS mukangoyatsa: F10 pa HP, F2 pa Dell ndi Acer, F1 pa Lenovo ThinkPad. Onani ngati dzina la disiki likuoneka, komanso onani deti. Ngati deti labwerera zaka zambiri m'mbuyo, kabatire kozungulira ka pa bodi katha, ndipo BIOS yaiwala zomwe inauzidwa. Pa desikitopu kamakhala ka CR2032 ka mavoti 3, komwe kamapezeka ngakhale kwa okonza mawotchi. Mukasintha, konzani deti, ikani Windows Boot Manager pamwamba pa mndandanda wa Boot, ndipo onani kuti UEFI sinasinthike kukhala Legacy. Ikadzalemba "INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE", yang'anani SATA mode mu BIOS momwemo: ngati ili pa AHCI yesani RAID kapena Intel RST, ngati ili pa RAID yesani AHCI. Windows amafuna yomwe anaikidwa nayo.

Magetsi atabwerera ndinamva kafungo ka chinthu chopsa. Desikitopu siikuyakanso, ngakhale fani. Kodi yafa? Bambo wa ku Nsanje

Bambo, mwina chafa ndi chigawo chimodzi chokha. Kuthima kwa magetsi kumasokoneza mafayilo, koma chomwe chimaotcha zipangizo ndi kubwera kwake, akabwera ndi mphamvu yopitirira. Choyamba kulandira nkhonyayo ndi power supply, kabokosi kachitsulo komwe nthambo imalowa. Musanatsegule, yesani nthambo ina, pakuti pulagi ya mano atatu imakhala ndi fyuzi mkati ndipo imatha kupsa yokha. Yesaninso soketi ya pakhoma mwachindunji, osadzera pa extension.

Zikakanika, nunkhizani pa fani ya power supply. Ngati fungo likuchokera pamenepo, isintheni yonse. Musaimasule kuti muone mkati, muli ma capacitor omwe amasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula. Makina a Dell ndi HP a m'maofesi ambiri amakhala ndi power supply ya mapulagi akeake, ndiye nyamulani yakaleyo pokagula. Muonenso kumbuyo ngati pali kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Makompyuta ena akale ochokera ku America amabwera nako, ndipo kuno, komwe magetsi ndi a mavoti 230, kayenera kukhala pa 230. Kakakhala pa 115 imaphulika mukangolumikiza.

Ngati mwasintha ndipo fani ikuzungulira koma sikirini ili bii, kapena ikulira mabipu, zulani magetsi, gwirani chitsulo cha bokosi kuti muchotse magetsi a m'thupi, tulutsani RAM, pukutani mano ake agolide ndi labala yofufutira pensulo, n'kuibwezera mpaka timaloko ta m'mbali titseke tokha. Zikakhala ziwiri, yesani imodzi imodzi. Ikakanabe, mwina bodi nayo inapsa, komabe disiki nthawi zambiri imakhala yamoyo. Ichotseni, ilumikizeni pa kompyuta ina ndi adaputala ya USB ya SATA, mutenge zinthu zanu.

Kodi surge protector ndi yokwanira, kapena ndigule UPS? Wowerenga wa ku Lilongwe

Ziwirizi ntchito zake n'zosiyana. Surge protector imatchinga magetsi obwera mwamphamvu, koma akathima kompyuta imazimabe mwadzidzidzi. UPS ili ndi batire lomwe limapitiriza kupereka magetsi akathima. Yaing'ono ya 650VA, yokhala ndi batire la mavoti 12 ndi 7Ah, imanyamula desikitopu imodzi ndi sikirini kwa mphindi zochepa, zokwanira kusunga ntchito n'kudina Shut down. Ikayamba kulira musapitirize kulemba. Pulinta ya laser musailumikize ku UPS, imakoka magetsi ochuluka potenthetsa ndipo imaigwetsa. Batire la UPS limafooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, msanga kuposa pamenepo kumadera otentha ngati ku Chigwa cha Shire, ndiye miyezi ingapo iliyonse muziiyesa pozula pulagi kompyuta ili chiyakire koma mutatseka ntchito zonse. Amene laputopu yanu batire linafa ndipo imangodalira chaja, muli pa ngozi yomweyi ngati a desikitopu, sinthani batirelo.