Yankho kwa achimwene a ku Cape Town: bwanji craft beer ikuwawa chonchi?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe akugwira ntchito ku Cape Town. Akuti anzawo akuntchito anawatengera ku bala ina yomwe imafulula yokha mowa, umene amati craft beer, anawagulira mtundu wina wa mowawu wotchedwa IPA, iwo atangomwa kamodzi nkhope inachita makwinya, kuwawa ngati mankhwala a malungo, chonsecho mtengo wake ungagule ma Castle awiri. Ndiye akufunsa kuti kodi anthuwa amaukondadi mowawu kapena ndi zongodzionetsera, nanga iwo ayambire pati poti kumudzi anazolowera Green ndi Kuche Kuche basi.

Achimwene, lilime lanu lilibe vuto. Anzanuwo anangokuyambitsirani pa mowa womwe ndi wowawa mwadala, komanso ndikukhulupirira munaumwa mmene timamwera Green, wozizira kwambiri, kugugudiza. Koma zomwe zili mu tambulayo inu mukuzidziwa kale kuposa mmene mukuganizira, chifukwa aliyense amene anaonapo agogo akuyanika chimera pamphasa wadziwa theka la nkhaniyi. Chomwe azungu amati malt ndi chimera chomwecho, kungoti iwo amameretsa balere pomwe ife timameretsa mawere, mapira kapena chimanga. Mbewu ikamera ufa wake umatha kusanduka shuga, yisiti amadya shugayo nkutulutsa mowa ndi mpweya. Thobwa ndi masese amayenda njira yomweyi. Kutsekemera komwe mumamva mu thobwa la mmamawa lisanasase, kukoma kumeneko mukufunefune mu mowa uliwonse, kulimo.

Chomwe mu mowa wakumudzi kwathu mulibe ndi ma hops, ndipo ndi amene anakuwawaniwo. Ndi timaluwa tobiriwira ta chomera choyanga, ku South Africa konko amalima cha ku tauni ya George. Akawaponya mu mphika koyambirira nkuwira nawo ola lathunthu amatulutsa kuwawa, akawaponya kumapeto kapena mowa utazizira kale amatulutsa fungo, la manyumwa, la mango, la magalagadeya, lina ngati masamba a paini. Green nayenso ali ndi ma hops koma pang'ono, IPA ndiye amathira mosaumira. Dzinalo ndi India Pale Ale, unachokera ku England nthawi yomwe ankatumiza mowa pa sitima kupita ku India, ulendo wa miyezi ingapo, ndipo ma hops amathandiza kuti mowa usaonongeke msanga. Koma IPA wonunkhira zipatso yemwe mwamwayu anakulira ku America, komwe mafakitale ang'onoang'ono ngati Sierra Nevada ya ku Chico, California, yomwe inayamba 1980, anatchukitsa hop ya Cascade. Pa chitini kapena pa bolodi la mu bala mukaona IBU, ndi muyeso wa kuwawako, lager wamba, mowa wa mtundu wa Green uja, amakhala cha m'ma 10 mpaka 20, IPA amafika 50, 60 kapena kupitirira. Ndiye mwaona kuti munalumpha kuchoka pa sitepe yoyamba kukatera pamwamba.

Ifetu tinakulira pa lager, Carlsberg anatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo kuyambira pamenepo mowa wa m'botolo kwa ife umatanthauza wopepuka, woyera, wozizira. Lager amasasa pozizira ndipo yisiti wake sasiya fungo lambiri. Ma ale, gulu lina la mowa lomwe IPA alimo, amasasa potentherapo, cha m'ma digiri 18 mpaka 22, ndipo yisiti wake amasiya fungo lakelake. Umboni wake ndi weiss, mowa wa tirigu wa ku Bavaria, ku Germany. Ndimakumbuka tsiku lomwe ndinaununkhiza koyamba, wachikasu, wachimbuuzi ngati thobwa losungunula, thovu lokhuthala kufika pamlomo pa tambula, fungo la nthochi yakupsa kwambiri ija yamadontho akuda. Ndinafunsa wogulitsayo kuti mwathiramo nthochi zingati, anati ngakhale imodzi, ndi yisiti chabe. Kuyambira tsiku limenelo sindimwanso mowa ndisanaununkhize.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanayambira pa weiss ameneyu, chifukwa sawawa nkomwe. Mukatero yesani amber ale kapena mowa wina wofiirira, mmene chimera anachiwotcha pang'ono ndiye chimakoma ngati khoko la buledi kapena shuga wopserera. Stout musamuope chifukwa cha kuda, kudako ndi balere wokazinga basi, ngati mmene khofi amadera, ndipo Castle Milk Stout yemwe ali mu sitolo iliyonse kumeneko ali ndi shuga wa mkaka yemwe yisiti sangadye, nchifukwa chake amatsekemera. Pale ale, yemwe amawawa mocheperapo kuposa IPA, abwere pambuyo, IPA pomaliza. Ma bala ambiri ofulula okha amagulitsa timatambula tinayi kapena tisanu pa kathabwa, amati flight, itanitsani imeneyo ndipo muyambe ndi wopepuka, chifukwa mukayamba ndi IPA lilime limafa, ena onsewo amangomveka ngati madzi.

Kamwedwe ndiye pomwe ndikufuna mumvetsetse. Choyamba musamwere m'botolo kapena m'chitini, mphuno imatsala kunja, pomwe zambiri zomwe timati kukoma ndi fungo, nchifukwa chake munthu wachimfine ndiwo sazimva. Thirani mu tambula yoyera bwino, yopanda mafuta kapena sopo, mupendeketse poyamba kenako muimike kuti thovu lifike ngati zala ziwiri. Thovulo si kuberedwa ayi, ndi lomwe limanyamula fungo. Ndipo kuzizira kwambiri kumabisa kutsekemera kwa chimera nkusiya kuwawa kokha, ndiye mukatulutsa mu filiji dikirani mphindi khumi, ale amakoma cha pa digiri 8 mpaka 12, stout ngakhale kupitirira pang'ono. Nunkhizani kawiri katatu mofupikitsa, imwani pang'ono, muuyendetse mkamwa monse, mezani, kenako tulutsani mpweya ndi mphuno. Mudzamva zinthu zitatu motsatana, kutsekemera kutsogolo, zipatso pakati, kuwawa kumbuyo kukhosi. Kumwa koyamba musaweruzire, lilime limadzidzimuka, kachitatu ndi pomwe mumadziwa ngati mwaukonda.

Za kudzionetsera zija, alipo ndithu otero, koma mtengowo uli ndi chifukwa chake. Amafulula pang'ono pang'ono, ma hops ambiri amaitanitsa kunja ndi madola, ndipo ambiri amagwiritsa chimera cha balere chokhachokha pomwe mafakitale akuluakulu ena amasakaniza chimanga kapena mpunga. Komanso si zachilendo kwenikweni kumeneko, fakitale yaing'ono ya mowa ya Mitchell's inayamba ku tauni ya Knysna mu 1983, ndipo ku Cape Town komweko kuli ofulula ngati Devil's Peak ndi King's Blockhouse IPA yawo, komanso Jack Black. Chomwe chimandipweteka ine ndi kuona munthu akuyamikira wofulula wa ku Woodstock, dera la mu Cape Town, kuti ndi katswiri koma akunyoza mayi wa masese kumudzi, chonsecho mayiyo amadziwa ndi chala chake kutentha koyenera kuthirira chimera, amadziwa ndi khutu kuti mbiya yayamba kuwira, ndipo anthu amayenda mtunda kulondola mowa wake kusiya wa pafupi. Luso lake ndi lomwelo.

Pogula mu sitolo yang'anani deti. Fungo la ma hops limathawa msanga, IPA wa miyezi itatu kapena kuchepera ndiye wabwino, akakhalitsa amatsala ndi kuwawa kokha ndi kafungo ka katoni yonyowa, mwinanso ndi zomwe zinakuchitikirani. Botolo lobiriwira kapena loyera lomwe lakhala padzuwa limanunkha ngati kanyimbi, kuwala kumaononga ma hops, nchifukwa chake ofulula ambiri amakonda chitini kapena botolo labulauni. Yang'ananinso peresenti ya ukali wa mowawo, lager wathu amakhala 4 kapena 5, IPA 6 mpaka 7, double IPA 8 kupita mtsogolo, ndiye atatu a amenewa si ofanana ndi ma Green atatu, idyani kaye, madzi akhale pambali, galimoto isiyeni kunyumba.

Ndipo mukadzabwerera kwa IPA uja mudzamumwe ndi nyama yamafuta, kanyenya wa nkhumba kapena boerewors ya pa braai, kuwawa kuja kumatsuka mafuta mkamwa nthuli iliyonse nkumakoma ngati yoyamba. Koma tsabola wa kambuzi muchepetse, IPA amakolezera moto wake. Ngati ndiwo zili za tsabola wambiri tengani weiss, ndipo mudzandilembere mmene nthochi ija mwaimvera.