Giya yachiwiri ikukana? Musathamangire kutsitsa giyabokosi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chinamwali. Akudzutsa Volkswagen Beetle ya 1972 imene anasiya malemu bambo awo, galimoto yomwe yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba zaka zambiri. Injini inalira, penti anapaka, koma atabwezeretsa ndodo ya giya zinthu zavuta. Akuti akamafuna giya yachiwiri pamamveka kukukuta ngati chigayo chagaya mwala, nthawi zina ndodo imathawira ku livesi osaikanikiza n'komwe. Makaniko wina wawauza kuti giyabokosi inatha, aitsitse. Funso lawo ndi lakuti: atsitsedi?

Achimwene, dikirani kaye. Mwina giyabokosiyo ilidi ndi vuto, koma momwe mwafotokozeramu ine ndikukayikira kambale kachitsulo kamene mukhoza kukabisa m'dzanja limodzi.

Kumbukirani kuti pa Beetle injini ndi giyabokosi zili kumbuyo, inu mwakhala kutsogolo. Zimene dzanja lanu likulamula zimayenda ulendo wautali zisanafike. Ndodo imene mumagwira ili ndi kampira kachitsulo kunsi kwake. Kampirako kamakhala m'kachikho kamene kali kumapeto kwa mpopi wautali wodutsa mkati mwa msana wa galimoto, uja wotukuka pakati pa mipando. Mpopiwo umakathera pansi pa mpando wakumbuyo, pomwe umalumikizana ndi giyabokosi kudzera pa kachipangizo kotchedwa coupler. Paliponse pamene pali gwedegwede pa ulendowu, giya imasochera.

Tiyambe ndi kambale kaja. Mukamasula mabawuti awiri ogwira ndodo ya giya, sipanala yake ndi 13, pansi pake mupeza sipuling'i ndi kambale kokhala ndi m'mphepete mopindikira m'mwamba. Amakatcha stop plate. Ntchito yake ndi kutchinga njira ya ku livesi mpaka mutakanikiza ndodo pansi. Pa Beetle livesi imakhala moyandikana ndi yachiwiri, kumanzere chakumbuyo, ndiye kambaleka kakapanda kukhala bwino mumagogoda pa khomo la livesi galimoto ikupita kutsogolo. Kukukuta mukumva kuja n'kutheka kuti ndi kumeneko.

Mu imelo yanu mwanena kuti munatsatira vidiyo ya pa YouTube. Apa mpamene ndinaseka ndekha, chifukwa ambiri opanga mavidiyowa ali ku America, ndipo amati mbali yopindika italiitali iyang'ane kwa pasenjala. Kwawoko pasenjala amakhala kumanja. Kuno kwathu kumanja ndi kwa dalaivala. Mukamvera mawu awo momwe alili, kambale mumakaika chotembenuza. Iwalani za pasenjala ndi dalaivala: mutakhala m'galimoto mukuyang'ana kutsogolo, chitunda chachitalicho chikhale kumanja, choyang'ana kumwamba. Musadabwe kuti chotchinga chili kumanja pomwe livesi ili kumanzere. Mutu wa ndodo ukapita kumanzere, phazi lake limapita kumanja, monga mthiko umachitira mukautsamiritsa m'mphepete mwa mphika.

Mukakaika bwino, musamange mabawuti kotheratu. Lowetsani giya yachiwiri, injini ili chozima. Ndodo iime chilili, osapendekera kumanzere kapena kumanja, ingotsamira pang'ono kumbuyo. Kenaka ndi sikuludiraiva kankhirani kambale kumanzere mpaka kakhudze phewa la ndodoyo, ndodo osaisuntha. Mangani. Yesani magiya onse anayi ndi livesi. Kawirikawiri sizitheka ulendo umodzi, mumamasula n'kusuntha pang'ono pokha, ngati kukhuthala kwa chikhadabo, n'kumanganso. Ntchitoyi imafuna kudekha. Amene amaichita akuyang'ana wotchi amaibwereza mawa.

Ngati zikuvutabe, tukulani mpando wakumbuyo. Pamwamba pa msana pali kachivundikiro kakang'ono, mukakachotsa muona coupler. Gwirani ndi dzanja, wina azigwedeza ndodo kutsogoloko. Ndodo ikamayenda koma mbali ya ku giyabokosi ikuchedwa kutsatira, timphira ta mkatimo tinatha. Galimoto imene yakhala pa njerwa nthawi yaitali chonchi, timphirato timauma n'kumayoyoka ngati chikondamoyo cha dzana. Onaninso kabawuti ka mutu wa ngodya zinayi kamene kamamanga coupler ku chitsulo chotuluka m'giyabokosi. Nsonga yake iyenera kulowa m'kadzenje kamene kali pa chitsulocho, osati kungoluma pambali. Ndipo kaboo kali pa mutu wakewo si kokongoletsa ayi, n'kolowetsapo waya woti kabawutiko kasamasuke.

Za waya ameneyu ndinaphunzira mochititsa manyazi. Ndili wachinyamata ndinamuiwala pa galimoto ya amalume. Tikuchokera ku Blantyre, titafika pa Thondwe tsiku la msika, ndodo inangoti lendee m'dzanja, ikuzungulira ngati muli mu phala. Galimoto ili mu giya yachitatu, sikuchokamo. Amayi ogulitsa tomato anachita kusuntha madengu kuti tiikankhire pambali, amalume ali duu, osayankhula kanthu mpaka kunyumba. Kabawuti ndinakapeza kali gone pansi pa coupler pomwepo.

Tsopano chinthu chimene ambiri amachizemba chifukwa n'chotopetsa. Kumbuyo pang'ono kwa bowo la ndodo, mkati mwa msana muja, muli kabushi ka pulasitiki kamene kamanyamula mpopi wautali uja. Kakatha, mpopi umagwera pansi pang'ono n'kumagunda chitsulo, ndodo imanjenjemera ndi kulira mukamathamanga. Simunanene ngati munakasintha, ndipo anthu akapanda kunena nthawi zambiri ndiye kuti sanasinthe. Kuti mukafikire muyenera kumasula coupler, kuchotsa ndodo ya giya, kutsegula tizivundikiro takutsogolo, kena kali kumene kumakhala tayala la sipeya, kena pa mutu wa chesesi, n'kukankhira mpopiwo kutsogolo pang'onopang'ono ndi pulayala kudzera pa bowo la ndodo. Mukautulutsa upukuteni dzimbiri ndi sandipepa mpaka usalale, chifukwa mpopi wa dzimbiri umadya bushi yatsopano mwezi usanathe. Bushi ilowe m'malo mwake ndi kamphete kake, muipake girisi, mpopinso muupake wonse. Pobwezeretsa, ine ndimamangirira chingwe ku mpopi kuti wina azikoka kumbuyo ine ndikulondolera. Nokha mukhoza, koma mudzatukwana ana akumva.

Chonde, bushiyi musaiseme kuchokera ku paipi ya madzi kapena ku tayala. Ndikudziwa kuti pa msika wa Zomba simuipeza, ngakhale ku Limbe mwina muyenda mpaka kutopa. Koma ma Beetle ankapangidwa ku Uitenhage ku South Africa mpaka 1979, ndipo ku Mexico anapitirira mpaka 2003, choncho zipangizo zake zikugulitsidwabe. Wachibale wobwera pa basi kuchokera ku Joni akhoza kukunyamulirani bushi, coupler ndi kambale m'thumba la jekete. Mungomutumizira chithunzi cha coupler yanu, chifukwa ma Beetle akale kwambiri anali ndi yozungulira, pomwe yanuyo ndi ya ngodya.

Zina ndingodutsamo. Yang'anani mphira zonyamula giyabokosi, imodzi kutsogolo, ziwiri kumbuyo. Zikafewa ndi oyilo giyabokosi imasuntha, ndipo zonse munatchera zija zimasokonekera. Kilatchi ikhale ndi kampata ka mamilimita 10 mpaka 20 pa pedulo musanamve kulimba, mumatchera ndi nati ya mapiko kumapeto kwa kebulo. Kilatchi yosadula bwino imakukutitsa magiya onse, makamaka yoyamba ndi livesi. Oyilo wa m'giyabokosi, ngati ndi yemwe anasiya bambo, mukhutheni. Amalowa pafupifupi malita 2.5.

Makaniko wanuyo sindikumunyoza. Yachiwiri ndi giya imene imagwira ntchito kwambiri kuno, aliyense wokwera phiri la Zomba akudziwa, ndipo mphete yake yofananitsa liwiro imatha msanga kuposa zinzake. Mungathe kusiyanitsa motere. Mukakonza zonse ndatchulazi, yendani pamalo athyathyathya, muchoke pa yachitatu kupita pa yachiwiri pang'onopang'ono, mukupuma kaye pakati. Ikalowa mwakachetechete mukadekha koma n'kukukuta mukafulumira, vuto lili mkati mwa giyabokosi, ndipo makanikoyo mukamupepese. Ikalowa bwino monsemonse, dzukani m'mawa Loweruka, onani mabuleki kaye, kenaka mukwere msewu wa ku Ku Chawe. Pamakhota aja mudzasintha pakati pa yachiwiri ndi yachitatu kambirimbiri, ndipo potsika musiye ili mu yachiwiri, phazi mutachotsa pa mafuta, muone ngati ndodo siidumphira yokha pakati. Mukabwerako mundilembere, munditumizirenso chithunzi cha kambale kaja momwe munakapezera musanakatembenuze.