Kampaniyo ndi yakaledi, koma kalobayo musamutenge

Alangizi, ine ndimakhala ku Chawama ndipo ndimagulitsa salaula pa Soweto Market. Mlamu wanga ananditengera ku msonkhano wina m'tauni kumene anationetsa tiyi wochepetsa thupi, sopo ndi mankhwala otsukira mano. Akuti ndikajoina ndi pakeji ya K3,000, n'kulowetsa anthu asanu pansi panga, ndizilandira ndalama mwezi ndi mwezi ngakhale ndili gone. Ananenanso kuti malonda otere anayamba kalekale ku America ndipo si piramidi ayi. Ndalama ndilibe, koma wa kaloba wina wavomera kundipatsa K3,000 kuti ndidzabweze K4,200 mwezi ukatha. Kodi n'zoona kuti makampani amenewa ndi akale komanso ovomerezeka?

Mayi wa ku Chawama

Amayi, kalata ngati yanuyi imandipeza kawirikawiri. Chimasintha ndi katundu yekha: lero tiyi, mawa khofi, mkuja mapadi a amayi. Zimene mwafunsa ndiyankha, chifukwa pa mbiri mlamu wanu sananame. Koma chimene chandikhalitsa pansi ndi mzere wa kaloba uja, umene mwaulemba mongodutsa ngati nkhani yatha kale.

Zoonadi, malonda amene anthu akuwatcha network marketing ndi akale. Mu 1934 munthu wina dzina lake Carl Rehnborg anayamba kugulitsa mavitamini ku California, ndipo kampani yakeyo inadzatchedwa Nutrilite. Mu 1945 anthu awiri, Lee Mytinger ndi William Casselberry, anabweretsa njira yatsopano yogulitsira mavitaminiwo: wogulitsa azipeza phindu pa zimene wagulitsa yekha, komanso azidyako pang'ono pa zimene agulitsa anthu amene iye anawalowetsa. Muzu wa zonse mukumva m'mahotela a mu Lusaka ndi umenewo. Awiri mwa ogulitsa a Nutrilite, Jay Van Andel ndi Rich DeVos, anayambitsa yawoyawo mu 1959 ku Michigan, n'kuitcha Amway. Pambuyo pake panabwera Mary Kay mu 1963, Forever Living mu 1978, Herbalife mu 1980, ndipo ku China kunabadwa Tiens mu 1995. Ndiye ngati funso ndi la zaka, zaka zilipo, zokwana 80.

Koma pa msonkhano paja anakuuzani theka la nkhani. Boma la America, kudzera m'bungwe lake loteteza ogula la Federal Trade Commission, linazenga mlandu Amway, ndipo chigamulo chinatuluka mu 1979 kuti Amway si piramidi, chinyengo chija chimene ndalama zake zimachokera m'kulowetsa anthu osati m'kugulitsa katundu. Mpaka lero olowetsa anthu amanyadira chigamulo chimenechi, koma satchula chifukwa chimene Amway inapulumukira. Inali ndi malamulo atatu. Wogulitsa ankayenera kugulitsa magawo 70 pa 100 aliwonse a katundu amene wagula asanalandire bonasi. Ankayeneranso kugulitsa kwa makasitomala 10 osiyanasiyana mwezi uliwonse. Ndipo katundu wokanika kugulitsika ankabwezedwa, munthu n'kulandira ndalama zake. Onani bwino, Amayi: malamulo onse atatuwa akunena za wogula weniweni, munthu wakunja amene akufuna sopoyo kuti akasambire. Kodi pa msonkhano wanu uja alipo anatchula za kubweza katundu akakukanikani?

Ndipo ukale sunateteze aliyense. Herbalife inali itakhala zaka 36 pamene mu 2016 inavomera kulipira madola 200 miliyoni ndi kusintha kalipiridwe kake, chifukwa bungwe lomwe lija linapeza kuti ogulitsa ambiri ankapeza zochepa kwambiri kapena osapeza kanthu, ndipo ndalama zinkachokera m'kulowetsa anthu kuposa m'kugulitsa. Ku China boma linaletseratu malonda onse otere mu 1998, ndipo pamene linatsegulanso mu 2005 linaloleza kugulitsa khomo ndi khomo kokha, kudya pa mitu ya anthu a pansi pako linakanabe. Makampani oterewa amakula pofunafuna dziko latsopano kumene anthu sanatope nawo, kumene ntchito ndi zosowa ndipo abale amakhulupirirana. N'chifukwa chake afika mpaka ku Chawama, ku Kanyama ndi ku Matero, ndipo masiku ano safunanso holo, WhatsApp ndi Facebook zikukwanira.

Tsopano tiwerengere za anthu asanu aja. Inu mulowetse 5, aliyense wa iwo alowetse 5, akhala 25. Kenako 125, kenako 625, kenako 3,125. Mukafika pa mzere wa 9 mukufunika anthu pafupifupi 2 miliyoni, ndiye kuti Lusaka yense, kuphatikizapo makanda ndi agogo. Mzere wa 11 ukufuna anthu oposa 48 miliyoni, pamene kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia muno tilimo 19.6 miliyoni. Pa nthawi iliyonse, anthu 4 mwa 5 alionse amakhala pa mzere wapansi penipeni, opanda munthu pansi pawo. Inu simukudziwa kuti mukulowera pa mzere uti, ndipo mlamu wanunso sadziwa.

Koma tizisiye zimenezo. Tinene kuti kampaniyo ndi yoyera ngati ufa woyera, ili ndi mapepala onse a boma, ndipo tiyiyo ndi wabwino. Mukatenga kaloba uja mwagwa basi, ndipo ndikuonetsani ndi masamu a pamsika. Mwagula katundu wa K3,000. Tinene kuti pa K100 iliyonse mukuikapo K25, zomwe ndakukomerani mtima, chifukwa sopo wamtengo wotere savuta pang'ono kugulitsa pamene wa pa kantemba ali pafupi. Mukagulitsa zonse, osatsala n'kabotolo komwe, onse n'kulipira kashi mwezi womwewo, mupeza K3,750. Wa kaloba akufuna K4,200. Mwezi umene zonse zayenda bwino koposa, mukuperewera K450, osawerengera ya basi, ya mabandulo ndi masiku amene tebulo lanu la salaula lakhala lopanda mwini pamene inu muli ku maphunziro a kampani.

Ndipo sizidzayenda choncho, inunso mukudziwa. Oyamba kugula adzakhala achemwali anu, azimayi a ku tchalitchi ndi anzanu a m'chilimba. Amenewa amatenga katundu n'kunena kuti "ndidzakuonani mwezi ukatha", ndipo simungawakakamize chifukwa mawa mukumana nawo pa maliro. Wa kaloba yekha ndiye alibe chibale. Tsiku likakwana muli ndi K1,500 m'manja, adzakuuzani mwaulemu kuti mungopereka chiwongoladzanja cha K1,200, zotsalazo muzionera mwezi wamawa. Mukatero miyezi itatu mwamupatsa K3,600, ndipo K3,000 yake ikadali chilili. Apo ndi pamene firiji imatuluka m'nyumba pa wilibala, ana akuonerera. Zimenezi ndaziona kangapo, ndipo zimandipweteka chifukwa amene zimawagwera si aulesi ayi, ndi azimayi odzuka 4 koloko m'mawa ngati inu. Chiwongoladzanja cha 40 pa 100 pa mwezi palibe malonda a sopo amene angachibweze. Ngakhale salaula wanu amene mumamudziwa bwino sangachikwanitse mwezi ndi mwezi.

Palinso china chimene mwina sanachitchule mokweza. Makampani ambiri otere amafuna kuti muzigula katundu wa mtengo wakutiwakuti mwezi uliwonse kuti mapointi anu asafe ndipo bonasi izibwera. Ndiye K3,000 ija ndi ya pakhomo chabe. Ambiri amene amati akugulitsa amakhala akugula okha, makatoni n'kumadzaza kunsi kwa bedi. Mukamva kuti wina walandira bonasi ya K800, mufunseni kuti mwezi umenewo anagula katundu wa zingati kuti ailandire.

Mlamu wanu musamude. Mwina iyenso analowetsedwa ndi munthu amene amamukhulupirira, ndipo pano akufunika mutu wanu kuti mzere wa anthu a pansi pake udzaze. Pitani kwa iye mwaulemu mukamupemphe kope lake. Osati zithunzi za galimoto ya munthu wa ku Johannesburg, koma kope limene iye amalembamo. Muonemo zinthu izi za miyezi itatu yapitayi: anagula katundu wa zingati, anagulitsa wa zingati kwa anthu amene sanajoine, angati analipira, ndipo kampani inamupatsa zingati. Ndikukuuziranitu kuti mwina kopelo kulibe. Anthu athu amakumbukira ndalama imene yalowa pa Airtel Money chifukwa foni inalira, koma K20 ya basi ndi K50 ya msonkhano zimatuluka mwakachetechete, ndipo munthu amatha chaka akuganiza kuti akupindula. Inunso, Amayi, m'kalata yanu simunandiuze kuti salaula amakupatsani zingati pa belo. Ngati simukudziwa, chimenecho ndiye choyamba kukonza, chifukwa mwina mukufuna kuthawa bizinesi imene ikukudyetsani bwino kuposa momwe mukuganizira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, paja anatero akuluakulu.

Ngati mtima ukukakamirabe pa tiyi ndi sopoyo, yesani popanda ngongole komanso popanda kujoina. Uzani mlamu wanu akupatseni zinthu zisanu kapena khumi mwa zimene ali nazo kunyumba, muziike pa tebulo lanu pa Soweto mwezi umodzi, mugwirizane kuti pa chilichonse chogulitsidwa mudzatengapo zingati. Pa Soweto pamadutsa anthu ochuluka kuposa amene mlamu wanu angawaitanire ku hotela chaka chonse. Muzigulitsa kashi yekha, kwa anthu osawadziwa, ndipo chilichonse muzilemba ndi tsiku lake. Akakana kukupatsani, n'kumaumirira kuti phindu lili m'kujoina, ndiye kuti wakuyankhani yekha kuti ndalama zimachokera kuti. Akavomera, mwezi ukatha mundilembere zimene zili m'kopemo tidzawerengere limodzi. Wa kaloba uja muimbireni lero lomwe, mumuuze kuti ndalama zake simukuzifunanso.