Mafunso Anu: Chizindikiro cha Bizinesi ndi Zilembo Zake

Funso: Akonzi, ndili ndi kabizinesi kosoka zovala ndipo ndinalipira wojambula pa kompyuta kuti andikonzere chizindikiro. Ntchito itatha ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, ndipo pa foni chinkaoneka bwino zedi, koma wosindikiza atachiika pa chikwangwani, m'mphepete mwa zilembo munatuluka mano ngati a sowo ndipo mtundu wobiriwira unazilala. Wosindikiza akuloza chala wojambula, naye wojambula akuloza chala wosindikiza. Kodi wolakwa ndani? (Telala wodandaula)

Yankho: Onse awiri ali ndi mbali yawo, koma mlandu waukulu uli pa wojambula, chifukwa anakupatsani chithunzi cha chizindikiro m'malo mokupatsani chizindikiro chenichenicho. Fayilo ya JPG kapena PNG imapangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo, ndipo chiwerengero cha timabokosito sichiwonjezeka ngakhale chithunzicho mutachikoka motani. Osindikiza amafuna mapikiselo pafupifupi 300 pa inchi iliyonse kuti chinthu chowerengedwa pafupi chioneke bwino, choncho chithunzi cha mapikiselo 600 m'litali chimakwanira masentimita asanu okha, kutanthauza kakhadi ka bizinesi. Mukachitambasula pa chikwangwani cha mamita awiri, kabokosi kalikonse kamakula kupitirira mamilimita atatu, ndipo mano a sowo amene mwawaonawo ndi timabokosi tomweto. Kuwonjezera apo, WhatsApp imachepetsa chithunzi chikatumizidwa ngati chithunzi wamba, ndiye chimene chinafika kwa wosindikiza chinali chofooka kale.

Chimene muyenera kupempha ndi fayilo ya vekita, yomwe nthawi zambiri imakhala ya SVG, EPS, AI kapena PDF. Fayilo yotere imasunga mizere ndi mapindikidwe ake mwa masamu, kotero kuti imatuluka yosalala pa kachidindo kakang'ono ndiponso pa khoma lonse. Muuzeni wojambulayo kuti zilembo azisandutse mizere asanatumize, kuti kompyuta ya wosindikiza isazisinthe ndi mtundu wina wa zilembo, ndipo akupatseni chizindikirocho m'maonekedwe atatu: cha mitundu yonse, chakuda chokha, ndi choyera choika pa malo akuda. Inu monga telala mudzafuna kuchipeta pa nsalu tsiku lina, ndipo ulusi sutha kutsatira mithunzi ndi timizere topyapyala timene timakongola pa foni.

Za mtundu wozilalawo, wosindikiza anayenera kukuchenjezani. Foni imapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, zimene amazitcha RGB, pamene makina ambiri osindikizira amasakaniza inki zinayi, yabuluu, yapinki, yachikasu ndi yakuda, zimene amazitcha CMYK, ndipo inki singafike pa kuwala kwa galasi la foni, makamaka pa zobiriwira ndi zabuluu zowala kwambiri. Ulendo wina musavomere kuti asindikize chikwangwani chonse musanaone kachidutswa koyesera. Funsaninso za umwini, pakuti m'mayiko ambiri lamulo limasiya umwini wa chojambula m'manja mwa amene anachijambula pokhapokha ataupereka kwa wina polemba.

Funso: Ndangoyamba kumene kugwira ntchito yojambula pandekha. Makasitomala anga amasintha maganizo kosalekeza, ndipo ambiri amafuna kuti ndiike mitundu inayi kapena isanu ya kalembedwe ka zilembo pa kapepala kamodzi, komanso zithunzi za katundu wawo yense mkati mwa chizindikiro. Ndingawakane bwanji popanda kuwathamangitsa? (Wojambula wachinyamata)

Yankho: Za kusintha maganizo, mankhwala ake ndi mgwirizano wolemba musanagwire mbewa ya kompyuta. Ngakhale tsamba limodzi ndi lokwanira, bola linene zimene mudzapereke, tsiku lomaliza, chikole chimene kasitomala ayambe walipira, ndiponso kuti ali ndi mwayi wosinthitsa ntchito kawiri kapena katatu, ndipo kupitirira apo ndi ntchito yatsopano ya malipiro akeake.

Nkhani ya zilembo ndiyo yofunika kuifatsira. Kasitomala amene akufuna mitundu isanu ya zilembo kawirikawiri amakhala ndi mantha akuti kapepala kosadzaza kakusonyeza kuti ndalama zake zapita pachabe, ndipo kutsutsana naye pakamwa sikuthandiza. Sindikizani mapepala awiri, lina monga akufunira iye ndi lina la mitundu iwiri yokha ya zilembo, muwamate pa khoma, kenako mubwerere naye m'mbuyo mapazi khumi ndi kumufunsa kuti awerenge nambala ya foni pa pepala lililonse. Ambiri amagonja okha pamenepo. Mitundu iwiri ndi yokwanira, wina wa mitu ndi wina wa mawu ofotokozera, ndipo kusiyanitsa kwina konse kungachitike ndi kukula kapena kunenepa kwa zilembo. Zilembo za timichira kumapeto, monga Times New Roman imene inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1932 m'nyuzipepala ya The Times ya ku London, zinakonzedwera nkhani zazitali za pa pepala, pamene zopanda timichira, monga Helvetica imene Max Miedinger anajambula ku Switzerland mu 1957, zimakhazikika bwino pa zikwangwani zowerengedwa munthu akudutsa. Ine ndimaona kuti zilembo zopotanapotana zokhala ngati zolemba pamanja ndizo zawononga zikwangwani zambiri, makamaka zikalembedwa zonse zazikuluzikulu.

Amene akufuna katundu wake yense m'chizindikiro mukumbutseni kuti kamzere kopindika ka kampani ya Nike, kamene Carolyn Davidson anajambula mu 1971 akadali wophunzira, sikasonyeza nsapato ngakhale imodzi. Anthu anakazolowera chifukwa chokaona mobwerezabwereza pa malo ambiri kali chimodzimodzi.

Samalaninso ndi chilolezo. Si zilembo zonse zopezeka pa intaneti zimene mungagwiritse ntchito pa malonda, ndipo zambiri zaulere zimaloledwa pa ntchito za inu nokha basi. Za pa Google Fonts, tsamba la pa intaneti la zilembo zaulere, zimaloledwa pa malonda, choncho ndi poyambira pabwino kwa munthu amene alibe ndalama zogulira zilembo. Musanasankhe mtundu uliwonse pa ntchito ya m'Chichewa, lembani mawu okhala ndi chilembo cha ŵ ndiponso mawu monga ng'ombe ndi m'nyumba. Zilembo zambiri zokongoletsa zilibe ŵ, ndipo m'malo mwake pamatuluka kabokosi kopanda kanthu kapena chilembo chobwerekedwa ku mtundu wina, pamene zina zimasiya mpata waukulu pambali pa kachizindikiro ka mu ng' moti liwu limodzi limaoneka ngati mawu awiri.