Pitani nawo amayi ku St Katharine Docks

Achemwali ena amene amasamalira okalamba kuno ku England andilembera imelo. Amayi awo akubwera kuchokera ku Dedza, ndalama n'zochepa, ndiye akufunsa ngati angapite nawo ku St Katharine Docks, doko la maboti loyandikana ndi mlatho wa Tower Bridge mu London, kapena ndi malo a anthu olemera okhaokha koti akangochitako manyazi.

Achemwali, funso lanu landilasa mumtima, chifukwa mantha amenewo ndikuwadziwa. Nditangofika kuno ndinkakolopa m'maofesi usiku cha ku Tower Hill. Ndikaweruka m'bandakucha ndinkadutsa pafupi ndi dokolo, manja akununkha mankhwala okolopera, mapazi atatupa. Milongoti ya maboti ndinkaiona ndithu, koma mumtima ndinkati ndikangolowa mlonda andifunsa chimene ndikufuna. Amene anandikoka dzanja ndi mayi wina wachikulire wa ku Ghana amene tinkagwira naye ntchito. Tsiku lina anangoti tiyeni tikamwere tiyi uko, fulasiki ili m'chikwama. Tinalowa, tinakhala pabenchi, palibe anatifunsa kanthu. Palibenso polipira. Tinakhala mpaka dzuwa kutuluka, tikuonerera boti likulowa. Madzi a mtsinje wa Thames, umene dokoli lili m'mbali mwake, amakwera n'kutsika kawiri pa tsiku potsatira nyanja yamchere, kusiyana kwake mpaka mamita 6 kapena 7, choncho boti limalowa madzi akadzaza. Amalitsekera pakati pa zitseko ziwiri zazikulu, madzi afanane kaye ndi a m'kati, kenako kamlatho n'kunyamuka kuti lidutse. Ndinayang'anitsitsa mpaka tiyi kuzizira m'kapu.

Pambuyo pake nditawerenga mbiri ya malowa, mantha aja anasanduka mkwiyo. Dokoli linatsegulidwa mu 1828, ndipo analikonza ndi katswiri wa zomangamanga Thomas Telford. Kuti akumbe, anagwetsa nyumba pafupifupi 1,250, anthu opitirira 11,000 n'kusamutsidwa. Ambiri anali amphawi okhala m'nyumba za lendi, ndipo chipukutamisozi chinapita kwa eni malo basi. Anagwetsanso tchalitchi ndi nyumba yosamaliramo osauka ya St Katharine, imene inalipo kuyambira zaka za m'ma 1100. Ndiye malo amene inu mukuopa kupondapo, poyamba anali mudzi wa anthu ovutika ngati ife tomwe.

Pakati pa dokolo pali chinyumba cha njerwa chokhala ndi wotchi pamwamba, dzina lake Ivory House. M'menemo ankasungamo katundu wodula, makamaka minyanga ya njovu. Inu a ku Malawi mukudziwa kumene minyanga yambiri yopita ku Ulaya inkachokera nthawi imeneyo. Mukudziwa za a Jumbe ku Nkhotakota, za anthu athu amene ankasenzetsedwa minyanga ulendo wa kugombe, iwonso n'kukagulitsidwa komweko. Amayi anu ali ndi chifukwa choimira patsogolo pa nyumba imeneyo kuposa mlendo wina aliyense amene akujambula zithunzi pamenepo. Apa sindisintha maganizo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife timaitanitsa makolo, kuvutika ndi viza, kulipira ndege, akafika n'kuwatsekera m'nyumba kuti azilera zidzukulu. Akatuluka ndi ulendo wa kutchalitchi ndi kusitolo yogula zovala zotchipa, basi. Akabwerera kumudzi anthu n'kuwafunsa kuti London munamuona bwanji, alibe chonena. Ndalama si chifukwa chokwanira. Timadzichepetsa tokha munthu asanatichepetse.

Komanso musaganize kuti dera lonselo ndi la mabwana. Dokoli lili m'boma laling'ono la Tower Hamlets, limodzi mwa madera amene ana ambiri akukulira mu umphawi m'dziko muno. Mukayenda pang'ono kumpoto mufika ku Whitechapel ndi Brick Lane, kwa anthu ochokera ku Bangladesh, kumene therere ndi tsabola zimagulitsidwa pamsika wa m'mbali mwa msewu. Ku Cable Street kuli chithunzi chachikulu pakhoma chokumbutsa tsiku la mu 1936 pamene anthu a m'deralo anatchingira gulu lodana ndi Ayuda kuti lisadutse. Kum'mawa kuli Wapping, kumene nyumba zakale zosungiramo katundu zinasanduka mafulati odula. Dokolo nalo linaphulitsidwa ndi mabomba mu 1940, n'kutsekedwa mu 1968 chifukwa sitima zazikulu sizinkakwanamo. Maboti a anthu achuma mukuwaopawo ndi obwera dzulodzuloli.

Kafikidwe kake

Kwerani sitima ya pansi ya District kapena Circle, mutsike pa Tower Hill, kapena sitima ya pamtunda yotchedwa DLR mutsike pa Tower Gateway. Kuchoka pamenepo ndi mphindi zosakwana 10 wapansi. Kuwoloka Tower Bridge, mlatho wa mu 1894 uja, n'kwaulere. Tower of London, linga lakale la mafumu limene lili pafupi pomwepo, kulowa m'kati n'kodula, koma kunja mumaiona bwinobwino. Malo odyera a m'dokomo ndi okwera mtengo, choncho tengani kamba wanu ndi fulasiki. Onani pa intaneti nthawi imene madzi adzadzaze kuti amayi akaone zitseko zija zikutsegulidwa. Avale juzi ngakhale kunja kuli dzuwa, ndi nsapato zafulati, poti misewu ina ya ku Wapping ndi ya miyala ndipo imapweteka mawondo.