Kodi ndiyambire 1963 kuti andiyese fani weniweni wa Doctor Who?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe angoyamba kumene kuonera Doctor Who, pulogalamu ya pa TV ya ku Britain yokamba za Doctor, mlendo wochokera kudziko lina amene amayenda m'nthawi. Akuti anayambira pa Ncuti Gatwa, mmodzi mwa amene asewerapo ngati Doctor, anaikonda heve, ndiye analowa gulu lina la mafani pa intaneti kuti azicheza ndi anzawo, koma atangolemba kuti Gatwa ndiye Doctor wawo wapamtima anthu anawaukira, ena akuti si fani weniweni poti sanaonere zakale, ena akuti pulogalamuyi inafa kalekale. Funso lawo ndi loti kodi ayambire 1963 kuti anthu awayese munthu, nanga mafaniwa amangokhalira kukangana chifukwa chani?

Achemwali, pepani kaye, koma musadabwe. Mwalowa m'nyumba yomwe anthu akhala akukanganamo zaka zoposa 60, ndipo mkangano mwaupezawo ndi womwe uja wa makedzana, amangosintha ndi maina basi.

Gwero lake lili m'pulogalamu momwemo. Inayamba pa BBC pa 23 November 1963 ndi William Hartnell, ndiye pofika 1966 thanzi la mkuluyu linali litafooka koma opanga sanafune kutseka, anangoganiza kuti poti Doctor si munthu wa dziko lino, thupi lake likatopa lizisandulika, nkhope ina, khalidwe lina, koma munthu yemweyo. Patrick Troughton analowa choncho. Nzeru imeneyi ndi yomwe yaikhalitsa mpaka lero, komanso ndi yomwe imabala ndewu, chifukwa pakangopita zaka zitatu kapena zinayi amakulandani munthu amene munamuzolowera n'kukupatsani mlendo n'kumati ndi yemwe uja. Ndiye aliyense amakakamira Doctor amene anayamba kukumana naye. Amene anakulira pa Tom Baker ndi sikafu yake yaitali ija, 1974 mpaka 1981, simungawauze kanthu. A David Tennant nawo chimodzimodzi. Matt Smith atasankhidwa ali ndi zaka 26 anthu anati kamwana aka katani, Peter Capaldi atabwera ali ndi 55 ena anati nanga nkhalambayi ndi ya chani. Olo mutawapatsa mngelo adzapeza chonena.

Za Jodie Whittaker, mkazi woyamba kutsogolera pulogalamuyi ngati Doctor, ndinene maganizo anga mosabisa. Pali anthu anadandaula ndi kalembedwe ka masizoni ake ndipo pena ndimagwirizana nawo, nkhani zina zinali zozizira ndithu. Koma amene anayamba kulira mu July 2017 tsiku lomwe analengeza dzina lake, episodi olo imodzi isanatuluke, amenewo vuto lawo silinali kalembedwe ayi, linali loti ndi mkazi. Phokoso lina la pa Gatwa, yemwe anabadwira ku Rwanda n'kukulira ku Scotland, ndi la mtundu womwewo. Cholengedwa cha mitima iwiri choyenda m'bokosi la buluu la apolisi, lalikulu mkati kuposa kunja, zonsezo mwavomera, koma khungu ndiye lakukanikani eti?

Kenako pali nkhondo ya canon, kutanthauza zomwe "zinachitikadi" m'nkhaniyi. Apa pali nkhani imandiseketsa nthawi zonse. Mu 1976, chaka chomwe bungwe la mafani la Doctor Who Appreciation Society linayamba, kunatuluka nkhani ya The Deadly Assassin, ndipo mtsogoleri wa bungwelo anailemba moinyoza kwambiri kuti yaononga ulemu wa ma Time Lord, mtundu wa Doctor. Lero nkhani yomweyo ambiri amaiika m'gulu la zabwino zedi za nthawi ya Tom Baker. Komanso mmenemo ndi momwe munachokera lamulo loti Time Lord amasandulika ka 12 kokha, lomwe mafani anadzaligwira ngati vesi kwa zaka pafupifupi 40, mpaka olemba analizemba mu 2013, kenako mu 2020 nkhani ya Timeless Child inagubuduza mbiri yonse ya Doctor, mpaka pano anthu sanapepeseke. Filimu ya 1996 ya Paul McGann inati Doctor ndi theka munthu kumbali ya mayi ake, olemba obwera pambuyo anangokhala ngati sanamve. Pulogalamu yolembedwa ndi anthu ochuluka chonchi pa zaka zonsezi singalephere kudzitsutsa, ndipo ine ndinasiya kalekale kutaya tulo ndi zimenezo.

Tsopano wokuuzani kuti muonere zonse uja, mufunseni ngati iye anaonera zonse, chifukwa n'zosatheka. Maepisodi oposa 90 a m'ma 1960 anasowa, nthawi imeneyo BBC inkafufuta matepi kuti ijambulirepo zina ndipo makope ambiri a filimu anatayidwa. Chomwe chinapulumuka chonse ndi mawu, ndipo anawapulumutsa ndi mafani. Tangoganizani mwana Loweruka madzulo atagwada kutsogolo kwa TV, kamaikolofoni ka tepi rekoda atakagunditsa pa sipika, akuuza azing'ono ake kuti shhh musatsokomole. Ine ndinayesapo kuonera imodzi mwa zosowazi momwe mafani anazilumikizira, mawu akuyenda koma pa sikirini pali chithunzi choima, mukumva munthu akukuwa ndi kuthamanga koma nkhope ili duu kwa masekondi angapo, ndinafika pakati n'kugona, koma ulemu ndinawapatsa. Mu 2013 maepisodi 9 a Troughton anapezeka ku Jos ku Nigeria m'chipinda chosungira katundu cha siteshoni ya TV, anthu anasangalala ngati wabwera m'bale wotayika.

N'chifukwa chake olo amanditopetsa sindidana nawo akuluakuluwa. Pulogalamu itaimitsidwa mu 1989 ndi iwowa anaisunga yamoyo ndi timagazini, mabuku, misonkhano ndi masewero omvera a Big Finish kuyambira 1999, mpaka Russell T Davies, fani mnzawo, anaibweza mu 2005. Steven Moffat, yemwe anamulowa m'malo ngati mkulu wa olemba, naye anali fani. Chris Chibnall ndiye anaonjeza, mu 1986 ali mnyamata anaonekera pa BBC akudzudzula olemba a nthawi imeneyo pamaso pawo, patapita zaka 30 mpando wa mkulu wa olemba unamupeza iyeyo, mafani n'kumubwezera zomwezo ndi chiwongoladzanja.

Ndiye poyambira, ine ndingati bwererani ku 2005 pa episodi ya Rose ndi Christopher Eccleston muzibwera chakuno, kapena ngati sizoni imeneyo ikuoneka yakale kwambiri yambirani The Eleventh Hour ya 2010. Zakale zija muzilawa mukafuna, osati ngati homuweki. City of Death ya 1979 ndi yopepuka komanso yoseketsa, Genesis of the Daleks ya 1975 ndi yolemerako. Dziwani kuti zimayenda pang'onopang'ono, timagawo ta mphindi 25, ndipo zonse za 1970 isanafike ndi za black and white.

Gulu lija musatulukemo msanga. Lembani kuti mukufuna kuyesa ya Troughton koma simukudziwa poyambira, muone omwe anakunyozani aja akulimbirana kukulangizani, pofika komenti ya 20 adzakhala akukangana okhaokha za The Web of Fear, imodzi mwa nkhani zake, inu atakuiwalani.